Bokosi la zida zadzimbiri za malemu bambo, ndigulitse kapena ndisunge?

"Zikomo a katswiri. Bambo anga anatisiya chaka chatha ndipo pa zinthu zomwe anasiya pali bokosi lachitsulo la zida. Muli hamala ziwiri, masipanala ambirimbiri, sowo, matchizulo, puleni yolembedwa kuti Stanley, pulayazi, matupa ndi zina zoti olo dzina lake sindikulidziwa. Vuto ndi loti zonse zachita dzimbiri ndipo mipini ina ikugwedera. Alamu anga akuti ndingogulitsa kwa ogula zitsulo zakutha ndikagule seti yatsopano ya m'kachikwama ija yokhala ndi chilichonse. Ineyo sindinakonzepo kanthu chibadwire, chitseko chikayamba kukhula pansi kapena mpopi ukamadontha ndimaitana munthu n'kumulipira. Kodi zida zakalezi zili ndi phindu? Nanga munthu wa zaka 34 angaphunzirebe kukonza zinthu? Komanso ndikafuna kuwonjezera zomwe mulibe m'bokosimo, ndigule zogwirapo kale ntchito kapena zatsopano?"

Achimwene, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Bokosilo musagulitse kaye, chonde, chifukwa wogula zitsulo zakutha amangoyeza kulemera basi, sasiyanitsa puleni yabwino ndi chidutswa cha chitsulo chotola panjira, nde mukangopereka simudzazipezanso. Dzimbiri lomwe likukuopsanilo nthawi zambiri limakhala la pamwamba chabe, ndipo zaka 34 si kuchedwa ayi, ndaphunzitsapo anthu oti anayamba kugwira tchizulo ali ndi imvi kale ndipo pano amadzikonzera okha zitseko ndi mipando kunyumba kwawo.

Koma ndisakunamizeni kuti chida chilichonse chakale ndi chabwino, ayi. Kalekalenso ankapanga zida zachabechabe, kungoti zachabechabezo zinathyoka n'kutayidwa kalekale, zomwe zafika lero m'mabokosi a makolo athu zambiri ndi zija zinapirira ntchito. Ndipo zida zatsopano zabwino zilipo ndithu masiku ano, zina kuposa zakale, vuto zimadula koopsa. Tsono apa tikuyerekeza chida chakale chabwino ndi seti ya m'kachikwama yotchipa ija alamu anu akunenayo, ndipo pamenepo ine sindizengereza, chakale chimapambana kutali.

Chifukwa chake chagona pa chitsulo. Chida chodulira kapena chomangira chimafuna chitsulo choti achiwotche mpaka kufiira, achizizitse mwadzidzidzi kuti chiume gwaa, kenako achitenthetsenso pang'ono kuti chisamaphwanyike. Ntchito imeneyi sioneka ndi maso, nde opanga zotchipa ndi pomwe amadulira njira, amakupatsani chida chonyezimira bwinobwino koma chofewa. Sipanala yofewa mukaikoka mwamphamvu kukamwa kwake kumayasama, imatsetsereka pa nati n'kudya makona onse, nati ija n'kukhala yozungulira yoti palibenso sipanala ingaigwire. Sikuludilaiva yofewa imapotoka kunsonga n'kunyenya mutu wa sikuluwu. Ndiye onani kuti simungotaya chidacho chokha, mwawononganso chinthu chomwe mumafuna kukonza, ndipo munthu wongoyamba kumene amaganiza kuti iyeyo ndi amene alibe luso pomwe cholakwa ndi chida. Zimenezi zimandipweteka kwambiri chifukwa anthu ambiri anasiyira pomwepo kuyesa.

Khuthulani bokosi lonse pa saka poyera pamene pali kuwala, muone chimodzichimodzi. Dzimbiri lili mitundu iwiri, lina ndi lija lofiirira loti mukapala ndi burashi ya waya pansi pake pamatuluka chitsulo chosalala, limeneli lilibe vuto. Lina ndi lomwe ladya chitsulo n'kusiya timaenje, ndipo olo limeneli zimatengera kuti ladya pati. Timaenje pa mbali ya hamala kapena pa chogwirira cha sipanala tilibe kanthu, gwiritsani ntchito. Koma timaenje kumsana kwa tchizulo kapena kwa mpeni wa puleni, kutanthauza mbali yake ya fulati, pafupi ndi kunsonga, timavuta chifukwa mukamanola n'kufika pa kadzenjeko mpeni umakhala ndi mpata ndipo umasiya mzere pa thabwa. Tikakhala tochepa mumangonola mpaka kutipitirira.

Puleni ya Stanley mwatchulayo ndi yomwe yandisangalatsa. Kapangidwe kake ndi ka Leonard Bailey wa ku America, kampani ya Stanley inagula mapatenti ake, kutanthauza umwini wa kapangidweko, mu 1869 ndipo chiyambire pamenepo mapuleni achitsulo ambiri padziko amatengera kapangidwe komweko, kuphatikizapo a Record aku Sheffield ku England. Phindu lake kwa inu ndi loti zipangizo zake sizisowa, chikasowa chimodzi mumachipeza pa puleni ina yakufa. Yang'anani nambala yolembedwa pa thupi lake, ikakhala No. 4 ndi yaifupi yosalazira, ikakhala No. 5 ndi yotalikirapo ya mainchesi 14 yogwira ntchito zambiri, ndipo ziwirizi zimagwiritsa ntchito mpeni umodzimodzi wa mainchesi 2 m'lifupi. Choti muonetsetse ndi ming'alu, makamaka m'mbali mwa kamwa momwe mpeni umatulukira, chifukwa thupi la puleni ndi chitsulo chosungunula n'kuthira mu chikombole, sichipindika koma chimang'aluka ikagwa pansi pa simenti. Chotsani mpeni ndi zonse, muigwire ndi zala ziwiri n'kuigogoda pang'ono ndi kachitsulo, yamoyo imalira ngwee koma yong'aluka imalira mogontha. Ikakhala yopanda mng'alu muli ndi chida choti adzagwiritsa ntchito ana anu. Kunsi kwake kukachita dzimbiri matani sandipepa pa galasi lochindikala kapena pa thailosi yosalala, muzikhula puleniyo pamenepo mpeni mutaubweza m'kati, mpaka kunsi kuyere.

Sowo nayo ili ndi nkhani yake. Masowo ambiri a masiku ano mano ake amawaumitsa ndi magetsi ku fakitale, mumawadziwa chifukwa manowo amaoneka akuda kapena abuluu kusiyana ndi thupi la sowo. Amacheka bwino ali atsopano koma akabuntha basi kwatha, tupa silingawadye, mumangotaya sowo yonse. Sowo yakale ya mtundu wa Disston yaku Philadelphia kapena Spear & Jackson yaku Sheffield mano ake ndi onoleka ndi tupa la makona atatu, ndipo imanoledwa kambirimbiri mpaka sowo kuchepa m'lifupi. Yesani kupititsa tupa pa dzino limodzi, tupa likaluma n'kutulutsa tizitsulo ndiye kuti ndi yonoleka, likamangotsetsereka ndi ya mano ouma aja. Kenako iikeni pa diso muiyang'ane kuchokera ku chogwirira mpaka kunsonga, kukhota pang'ono kwa uta kumawongoka koma ikakhala ndi pothyoka penipeni pamene inapindikira mwadzidzidzi, imeneyo imavuta olo kwa akatswiri. Kunola sowo musayambe nako, kumafuna dzanja lozolowera komanso manowo amafunika kuwapinda pang'ono lina uku lina uko kuti sowo isamakanirire m'thabwa, ulendo woyamba perekani kwa kalipentala wachikulire inu muli pompo kuonerera.

Masipanala ambirimbiri mwanenawo muwerenge zomwe zalembedwapo. Ena ndi a mamilimita, 10, 13, 17, 19, amenewa ndi omwe mudzawafune tsiku ndi tsiku. Ena ndi a mainchesi, 1/2, 9/16, 3/4. Ndipo m'mabokosi akale mumapezekanso olembedwa W kapena BSF, amene ndi a muyezo wa Whitworth womwe Joseph Whitworth anakhazikitsa ku Britain mu 1841, pa amenewa nambala yolembedwayo ndi kukula kwa bawuti osati kukula kwa kamwa la sipanala, nde musadabwe kuona sipanala yolembedwa 1/2 ili yayikulu kuposa inzake ya 1/2. Asiyanitseni m'magulu musamawasakanize. Theka la inchi ndi mamilimita 12.7, tsono sipanala ya 13 imalowa pa nati ya 1/2 koma imagwedera pang'ono, ndipo kugwedera pang'ono komweko ndi komwe kumadya makona nati ikakhala yolimba. Ya 19 ndi ya 3/4 zokha ndi zomwe zimasinthana popanda vuto chifukwa zimangosiyana ndi kachidutswa kosaoneka. Sipanala yoyasama kukamwa kapena yoti munthu anaiwotcherera, tayani, imeneyo imadzathyoka inu mukukoka ndi mphamvu zonse n'kukusupulani zala.

Ngati muli shifitingi ija yosintha kamwa, yomwe Johan Petter Johansson wa ku Sweden anapanga cha m'ma 1890 ndipo mpaka lero kampani ya Bahco imadziwika nayo, igwedezeni chibwano choyendacho muone. Kugwedera pang'ono n'kwachibadwa koma chikamavina uku ndi uku yatha. Ndipo ngakhale yabwino, muziigwiritsa ntchito pokhapo palibe sipanala yeniyeni ya saizi imeneyo.

Hamala yogwedera mpini ndi yoopsa kuposa momwe anthu amaganizira, mutu ukauluka suona kuti pali mwana pafupi. Anthu amakonda kuiviika m'madzi usiku wonse kuti mtengo ufufume, zoona imagwira masiku angapo koma mtengowo ukauma umagwedera kuposa kale chifukwa unafinyika m'kati mwa diso la hamala. Njira yake ndi kugogoda mpini pansi kuti mutu utsike ukhale bwino, kenako kukhomera mphero yatsopano pamwamba, yamtengo kapena yachitsulo. Mpini ukakhala wong'aluka kapena wofumbwa sinthani wonse, musamange ndi waya kapena mphira. Yang'ananinso nkhope ya hamala pomenyera paja, ikakhala yobenthuka m'mbali ndiye kuti idzapitiriza kubenthuka ndipo tizidutswa take timathamanga kulowa m'maso, imeneyo ipite kwa ogula zitsulo aja. Chimodzimodzi tchizulo yodulira zitsulo yomwe kumutu kwake kwaphwasuka n'kupindikira m'mbali chifukwa chomenyedwa, musaimenyenso mpaka zopindikirazo zitachotsedwa pa girayinda.

Zija simukuzidziwa dzina musataye olo chimodzi. Nthawi zambiri tizitsulo tooneka topanda ntchito ta m'bokosi la mmisiri timakhala ta puleni, kapena chopindira mano a sowo, kapena cholembera mizere pa thabwa, ndipo munthu amadzazindikira atataya kale. Zijambuleni pa foni mukaonetse mmisiri wachikulire, adzakuuzani m'kanthawi kochepa.

Kuyeretsa kwake sikufuna zambiri. Palafini pang'ono, burashi ya waya ndi sandipepa yosalala zimachotsa dzimbiri lambiri. Zomwe zagwidwa kwambiri chotsani mipini yamtengo n'kuviika zitsulozo mu vinega usiku umodzi, osapitirira tsiku, chifukwa vinega ndi asidi ndipo akamaliza dzimbiri amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Mukavuula palani ndi burashi, tsukani m'madzi osungunulamo soda wophikira pang'ono kuti asidi uja afe, pukutani ziume msangamsanga ndipo pakani oyilo nthawi yomweyo, mukachedwa olo ola limodzi mupeza zafiiranso. Mipini ipaleni ndi sandipepa muipake mafuta a linseed, koma nsanza yomwe mwapakira mafuta amenewa musaiunjike pakona, imatha kutentha yokha mpaka kuyaka moto, iyanikeni panja yotambasula kapena iviikeni m'madzi.

Tsopano kunola, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa m'maganizo anga ndi pomwe luso lonse la manja limayambira. Munthu amene sadziwa kunola amalimbana ndi thabwa ndi mphamvu, ndipo mphamvu ndi imene imavulaza, tchizulo yobuntha imatsetsereka n'kukalowa m'dzanja lina lija lagwira thabwa. Gulani mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, muthirepo oyilo wopepuka pang'ono. Yambani ndi kumsana kwa tchizulo, kugonekeni fulati pa mwala muzikhula mpaka chigawo cha kunsonga chiyere mofanana, musadzutse chogwirira olo pang'ono. Mukatero tembenuzani mbali yotsetsereka ija, imakhala pa madigiri 25, igonekeni pa mwala mpaka mumve kuti yakhala, kenako dzutsani pang'ono chabe kufika cha m'ma 30, muzikankha ndi kubweza manja ali chilimbire osagwedeza. Pakapita kanthawi pititsani chala kumsana kuchokera kumbuyo kupita kunsonga, mudzamva kachitsulo kopyapyala kakukanda chala m'lifupi monse mwa mpeni, kameneko ndi chizindikiro choti mwafika kunsonga kwenikweni, ngati sikanatuluke pitirizani musathamangire. Kakatuluka pitani ku mbali yosalala ya mwala, bwerezani, gonekaninso kumsana kawiri katatu kuti kachitsuloko kachoke, n'kumaliza ndi kukoka mpeniwo pa chikopa cha lamba wakale. Yesani pa mutu wa thabwa lofewa, tchizulo yakuthwa imasenga timapepala tosalala osachita kukankha mwamphamvu. Mpeni wa puleni umanoledwa chimodzimodzi. Tsiku loyamba zidzakutengerani nthawi ndipo mwina mpeni udzatuluka wopendekeka, palibe vuto, chitsulo chilipo chambiri choti mubwerezenso.

Chomwe ndikuletsani ndi kupita nazo pa girayinda ya magetsi musanazolowere. Nsonga ya tchizulo ndi yopyapyala nde imatentha m'masekondi, mukangoona yasanduka yabuluu ndiye kuti yafika cha m'ma madigiri 300 ndipo kuuma kuja kwachoka, pamenepo sipadzagwiranso kuthwa mpaka mutadya chitsulo chonse chabuluucho. Zida zomwe zinapsapo ndi moto wa nyumba zilinso ndi vuto lomweli, zimaoneka bwinobwino koma ndi zofewa. Kuyesa kwake ndi tupa, pa tchizulo yabwino tupa limatsetsereka osaluma kwenikweni, pa yofewa limadya mosavuta.

Pa funso loti mugule zakale kapena zatsopano, ine ndimatsata chinthu chimodzi, chida choti chikatha mphamvu mutha kuchibwezeretsa ndi mwala, tupa kapena mpini watsopano, gulani chakale osaopa. Hamala, tchizulo, puleni, vayisi, makilampu, masipanala a kampani zodziwika, dirilo ya pamanja, zonsezi zakale ndi zabwino ndipo vayisi yakale yolemera ija mukaipeza yopanda mng'alu musaisiye. Koma pali zina zoti zikatha zatha. Matupa a m'bokosimo mwina ambiri ndi akutha, yang'anani mano ake pa dzuwa, akamanyezimira pamwamba ndiye kuti abuntha ndipo tupa silinoledwa, gulani latsopano n'kuliika chogwirira, osagwiritsa ntchito tupa lopanda chogwirira chifukwa kamchira kake kosongoka kamaboola chikhatho. Sikuludilaiva ya fulati mutha kuikonza nsonga ndi tupa koma ya mtanda ikadyeka ndi yotaya. Pogula yatsopano dziwaninso kuti mitanda ili mitundu iwiri yofanana maonekedwe, Phillips yolembedwa PH ndi Pozidriv yolembedwa PZ, sikuluwu ya Pozidriv ili ndi timizere tina tinayi ting'onoting'ono pakati pa mtanda waukulu, ndipo mukasakaniza ziwirizi sikuludilaiva imadumphadumpha n'kuwononga mutu. Anthu ambiri amatukwana masikuluwu pomwe vuto ndi limeneli.

Zogwirira magetsi ndiye musayerekeze kugula zakale. Pulayazi ndi sikuludilaiva zotetezadi ku shoko zimalembedwa 1000V pa chogwirira, ndipo chitetezo chake chili mu pulasitiki ija, ikakalamba n'kuchita timing'alu toti maso sangaone ndiye kuti palibenso chitetezo. Pulayazi ya bambo ya zogwirira zachitsulo kapena zokulungidwa tepi ndi yabwino kupindira waya ndi kuzulira misomali, osati kukhudzira waya wamoyo. Magalasi oteteza maso nawonso gulani atsopano, ndipo mugule musanayambe n'komwe kupala dzimbiri chifukwa burashi ya waya imathothoka.

Zoyezera monga sikweya ndi levulo zakale mutha kugula koma muziyese pomwepo. Sikweya igunditseni m'mbali mwa thabwa lowongoka mulembe mzere, itembenuzeni mbali inayo mulembenso mzere pamalo omwewo, mizere iwiriyo ikagonerana ili bwino, ikatalikirana kumapeto ndi yonama. Levulo iikeni pa tebulo muone pomwe kathovu kaima, izungulizeni kuti kumanja kupite kumanzere pamalo omwewo, kathovu kayenera kuima pomwe kanaima poyamba.

Mukamapita kokagula muzitenga nati ndi bawuti za saizi yodziwika m'thumba kuti muyeserepo masipanala. Pulayazi itsekeni n'kuiyang'anitsa ku dzuwa, kuwala kukamadutsa pakati pa mano odulira ndiye kuti sidzadula waya wopyapyala. Chenjerani ndi chida chakale chopakidwa penti yatsopano yochindikala, penti imabisa ming'alu ndi mowotcherera. Ndipo chida cholembedwa dzina la munthu kapena la kampani, kapena pamene pakuoneka kuti dzina lachita kufufutidwa ndi girayinda, funsani kuti chachokera kuti, yankho likakhala losamveka chisiyeni. Zida zobedwa zimayenda kwambiri ndipo mmisiri akaberedwa bokosi lake amakhala waberedwa ntchito yomwe.

Nanga kuphunzira kukonzako muyambire pati? Mwayamba kale mukamayeretsa ndi kunola zidazi, chifukwa pamenepo mukuphunzira kumasula chinthu, kuona momwe chimagwirira ntchito n'kuchibwezera. Kenako tengani ziwiri zomwe mwatchula zija. Chitseko chokhula pansi anthu amathamangira kuchizula n'kuchipala ndi puleni, pomwe kawirikawiri vuto lili pa hinjesi ya pamwamba. Tsegulani chitseko theka, chigwireni pa loko muchinyamule pang'ono, mukaona hinjesi ya pamwamba ikusuntha ndiye kuti masikuluwu amasuka ndipo chitseko chagwa mphuno. Amangeni. Akamangozungulira osagwira ndiye kuti mabowo akula, ikani kamtengo pansi pa chitseko kuti chitsamirepo, tulutsani sikuluwu, sengani timitengo touma muviike mu guluu wa matabwa n'kukhomera m'bowomo mpaka lidzaze, dulani zotsalira ndi tchizulo yanu ija, guluu akauma boolani kabowo kakang'ono n'kubwezera sikuluwu, yotalikirapo ngati ilipo. Puleni ibwere pokhapokha mahinjesi ali olimba koma chitseko chikukhulabe, ndipo muzipala pang'onopang'ono mukuyesa, chifukwa thabwa lomwe mwachotsa silibwereranso ndipo chitseko chofufuma ndi chinyezi chimadzabwerera chokha kukauma.

Mpopi wodontha wa mtundu wakale uja wozunguliza kangapo, vuto limakhala kawasha ka labala kakang'ono m'kati. Tsekani madzi pa valavu yaikulu, tsegulani mpopiwo kuti otsala atuluke, tsekani kabowo ka sinki kuti tizinthu tisagweremo, chotsani chogwirira, masulani mutu wa mpopi ndi sipanala uku dzanja lina litagwira thupi la mpopi kuti lisazungulire n'kupotokola paipi. Kunsi kwa chomwe mwatulutsacho mupeza kawashako katang'ambika kapena kataphwatalala, katengeni mupite nako kogula kuti mupeze kofanana. Pobwezera musamange ngati mukulimbana nawo. Mukasintha koma ukudonthabe ndiye kuti pokhalira washa m'kati padyeka, ndipo mipopi ya masiku ano yongopotoza pang'ono ilibe washa yotere, ili ndi kakatiriji kosintha konse.

Mukuona kuti pa ntchito ziwirizi nthawi yambiri yapita pa kuyang'ana ndi kufufuza chomwe chalakwika, kugwira chida kwabwera pamapeto. Chizolowezi chimenechi ndi chomwe ndimafuna wophunzira aliyense akhale nacho. Musanamasule kanthu jambulani pa foni, zomwe mukuchotsa muziyala pa nsalu motsatana momwe zatulukira, ndipo chinthu chikakana kumasuka imani muganize kaye musanawonjezere mphamvu. Mwina pali sikuluwu yobisika pansi pa sitika, mwina ndi dzimbiri lofuna oyilo wolowerera ndi kudikira mpaka mawa, mwinanso mazinga ake ndi a kumanzere, mwachitsanzo pedulo ya kumanzere ya njinga imamasuka mozungulira mbali yomwe zinthu zina zimamangira, ndipo anthu ambiri aononga njinga zawo posadziwa zimenezi.

Mavidiyo a pa YouTube amathandiza ndithu koma sangakuuzeni kuti nati yalimba mokwanira, zimenezo dzanja limaphunzira pafupi ndi dzanja lina. Ku Amsterdam mayi wina dzina lake Martine Postma anayambitsa mu 2009 zomwe amazitcha Repair Café, malo oti anthu amabweretsa zinthu zowonongeka n'kukonzera limodzi ndi odziwa, ndipo zafalikira m'mayiko ambiri chifukwa cha mfundo yomweyi yoti mwini chinthu akhale pompo azigwira nawo. Inunso mukaitana mmisiri musamamusiye yekha n'kukakhala pa foni, khalani pafupi, mugwirireni tochi, funsani kuti wadziwa bwanji kuti vuto ndi limenelo, ndipo mumulipire mokwanira osanyinyirika. Amisiri ambiri amakonda kufotokoza akaona kuti munthu akufunsa mwaulemu.

Pali ntchito zina zoti olo mutazolowera bwanji zida muitane wodziwa. Mawaya a magetsi a m'nyumba ndi bokosi la maswichi akuluakulu ndi za munthu wophunzira ntchitoyo ndipo wovomerezeka, chifukwa cholakwika chake sichioneka tsiku lomwelo, chimadzatulukira usiku wina ngati moto kudenga. Chilichonse cha gasi chimodzimodzi, mukamva fungo tsekani, tsegulani mawindo, musayatse olo swichi ya getsi, itanani odziwa. Mayikulowevu musaitsegule kumbuyo ngakhale mwaizula ku magetsi, m'kati muli kapasita yomwe imatha kusunga magetsi a mavoti pafupifupi 2,000 ndipo yaphapo anthu. Batire ya foni kapena ya laputopu yofufuma musaiboole kapena kuipinda, imayaka. Mabuleki ndi chiwongolero cha galimoto si pophunzirira, ndipo musadzalowe pansi pa galimoto yomwe yangokwezedwa ndi jeke yokha popanda zochirikiza zolimba. Khoma kapena mtanda womwe wanyamula denga musagumule kapena kudula musanafunse womanga, ndipo malata akale a asibesitosi musawacheke kapena kuwaboola, fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri. Chinthu chomwe chikadali pa waranti chibwezeni komwe munagula, mukachitsegula nokha amatha kukana kuchikonza.

Kuvulala pang'ono kudzachitika, nde khalani ndi bandeji ndi mankhwala otsukira bala pafupi ndi bokosilo. Pogwiritsa ntchito tchizulo manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa mpeni, thabwa ligwidwe ndi vayisi kapena kilampu osati ndi dzanja. Mukabayidwa ndi msomali kapena chitsulo chauve tsukani bala ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa kafumbata, makamaka ngati papita zaka zambiri chibayitsireni kapena simukukumbuka, tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'fumbi ndipo timakonda bala lakuya lopapatiza. Bala lomwe likukana kusiya magazi mutalipanikiza kwa mphindi khumi, kapena chala chikachita dzanzi kapena kukanika kupinda mutadzicheka, limenelo ndi la kuchipatala msanga chifukwa mwina mtsempha waduka. Kachitsulo kakalowa m'diso musatikite ndipo musalole munthu akatokose ndi kansalu kapena kamtengo, tsukani ndi madzi oyera, kakapanda kutuluka phimbani disolo mopepuka osalipanikiza mupite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kachitsulo kakagona m'diso kamayamba dzimbiri momwemo ndipo kuchotsa kwake kumavuta kwambiri.